Mchenga wa ku Kapinjiri

Veronica Ngozo anatsika minibasi pa Manjawira dzuwa lili paliwombo, chikwama kumsana, nsapato zantchito kumapazi. Anakwera njinga yamoto ya kabaza n'kulowera kuzambwe, mumsewu wafumbi womwe ankayendamo ali mwana popita kuchigayo. Uwu unali ulendo wake wachitatu wobwera ku Kapinjiri chaka chimenecho, ndipo mumtima ankati ukhala waufupi: kukaona zikhomo zake, kujambula zithunzi ziwiri zitatu, mawa lake n'kubwerera ku Lilongwe kukapitiriza kulemba.

Mgodi wa golide wa ku Kapinjiri unatsekedwa iye asanayambe n'sukulu yomwe. Kampani imene inkakumba pamenepo inapakira makina ake n'kupita osatsanzika, n'kusiya dzenje la madzi obiriwira, maziko a nyumba za simenti, ndi chimulu cha mchenga wotuwa chotalika kuposa tchalitchi. Mchengawo unali zotsalira za miyala imene ankapera pofuna golide. Makina a nthawi imeneyo ankangogwira golide wokhakhala. Wosalala ngati ufa ankapitira limodzi ndi matope n'kukathera pamulupo. Kwa zaka makumi atatu muluwo unangokhala, osamerapo ngakhale chisoso.

Tsopano kopaletivi ya anthu okumba miyala a m'deralo inali itapeza laisensi ya malowo, ndipo bungwe lina lothandiza migodi ing'onoing'ono linalonjeza kugula makina otsukanso mchengawo, makina osafuna mekyule, mankhwala oopsa ogwirira golide. Koma bungwelo linati makina sabwera popanda pulani. Pulaniyo inayenera kunena kuchuluka kwa mchengawo, mbali imene kuli golide wambiri, kumene madzi adzachokere, ndi pomwe matope adzatayidwe akatsukidwa kuti asalowe mumtsinje. Veronica anaphunzira za migodi ku Blantyre, ndipo bungwelo linatuma iyeyo poti anali mwana wa komweko. Iye anakondwa. Ankaganiza kuti kwawo ntchito idzaphweka.

Mwezi wa Epulo anayeza muluwo, nakhoma zikhomo makumi anayi zopaka utoto wofiira, naboola pambali pa chikhomo chilichonse kuti atenge mchenga wa mkati. Timatumba tonse ta mchengawo anatitumiza ku labotale. Anauza anthu a m'mudzimo kuti zotsatira zibwera pakatha miyezi iwiri. Tsopano unali Seputembala.

Njinga itakhota pamtengo wa msasa, Veronica anagwira phewa la woyendetsa.

"Taimani kaye."

Mbali ya kum'mawa ya muluwo, yoyang'ana kumsewu, inali itadyeka ngati buledi wolumidwa. Panali phompho lalitali kuposa munthu, m'munsi mwake mutaima ngolo zitatu. Zikhomo za mbali imeneyo panalibe ndi chimodzi chomwe. Ndipo pakati pa anthu amene ankaponya mchenga m'ngolo ndi fosholo panali amalume ake enieni, a Obed, alongo a mayi ake.

"Nangozo!" anakuwa a Obed atamuona, uku akupukuta thukuta ndi chipewa. "Wabwera osatiuza bwanji? Akunyumba akanapha nkhuku."

"Amalume, mukuchita chiyani apa?"

"Monga ukuoneramu. Pali munthu akumanga sitolo pa Manjawira, akufuna ngolo zisanu."

"Nanga zikhomo zanga?"

A Obed anayang'ana uku ndi uku ngati zikhomozo zingatulukire zokha. "Zofiira zija? Zinagwa mchenga utagumuka. Zina amayi akumangirirapo mbuzi. N'zolimba bwino."

Veronica anayesetsa kulankhula monga amalankhulira mwana kwa mkulu.

"Amalume, chikhomo chilichonse chili ndi nambala. Nambala yomweyo ili pa kathumba kamene kali ku labotale. Zotsatira zikabwera, ndidzaloza pati kuti golide ali apa, pomwe malo akewo mwawakweza m'ngolo?"

"Mphwanga, chimulu chonsechi? Ife tikungokanda pamwamba. Mchenga uwu pa pulasitala ulibe unzake, khoma limasalala ngati mbale. Wa kumtsinje uli kutali, ng'ombe zimafika zitalema. Ndiye iwe unati miyezi iwiri. Ife tawerenga mpaka zala za dzanja limodzi zatha."

Zinali zoona. Makina a ku labotale anawonongeka mu Meyi, a labotalewo anatumiza timatumba tija kunja kwa dziko, ndipo nthawi iliyonse akaimba foni ankangomva zoti sabata yamawa.

Anapita kwa a Dyton Kamwendo, wapampando wa kopaletivi. Anawapeza pakhonde akumata chubu cha njinga, ndipo sanaoneke odabwa ndi nkhaniyo.

"Ndikudziwa, achemwali. Ndimawaona tsiku ndi tsiku."

"Nanga simukuwaletsa bwanji? Laisensi ndi yanu."

"Laisensi ndi pepala, lili m'sutikesi umu. Theka la amene akutapawo ndi mamembala athu omwe. Ndikawauza kuti siyani, amandifunsa kuti makina ali kuti. Ndiwayankhe chiyani? Mimba siwerenga pulani."

"Bambo Kamwendo, bungwe likufuna kudziwa kuti mchenga ulipo wokwanira kuti makina agwire ntchito zaka zisanu. Ngolo iliyonse yochoka pamenepo ikuchotsa tsiku limodzi pa zaka zimenezo."

"Kawauzeni nokha," anatero a Dyton akupopa chubu. "Inu amakumverani, ndinu ophunzira."

Ulendo wa tsiku limodzi uja unasanduka wa masiku anayi. Veronica anayezanso mulu wonse, akukwera ndi kutsika, mchenga ukulowa m'nsapato, fumbi likuyabwa m'khosi. Anakhoma zikhomo zatsopano, ulendo uno zachitsulo, nazithira simenti. Atawerengera anapeza kuti gawo limodzi mwa magawo khumi a muluwo linali litapita kale m'makoma a anthu. Anayenda khomo ndi khomo kwa eni ngolo kuwapempha kuti adikire mwezi umodzi wokha. Onse anavomera mwaulemu, ena mpaka kumupatsa mbatata. Tsiku lomwe ankanyamuka anakumana ndi ngolo ziwiri zikupita kumulu.

Zotsatira zinafika kumapeto kwa Okutobala. Veronica anaziwerenga pakompyuta mu ofesi, kenaka anatenga mapu n'kuyamba kuika manambala pa chikhomo chilichonse. Kuzambwe golide anali wochepa, wongokwanira kulipira mafuta a makina. Pakati anali wapakatikati. Kum'mawa manambala anakwera kawiri, pena katatu. Imeneyo inali mbali yakale kwambiri, ya nthawi imene makina a kampani ankataya golide wambiri. Mtima wa pulani yonse unali pomwe paja pankaima ngolo.

Koma patsamba lachitatu panali china choopsa. Mchengawo unali ndi mekyule wotsalira wa kampani ija, komanso poizoni wina wochokera m'miyala momwemo, wotchedwa aseniki. Anaganiza za nyumba ya amalume ake, yosalala makoma mkati ndi kunja, ndi zidzukulu zawo zokwawa pansi. Anaganiza za sitolo ya pa Manjawira.

Analowa mu ofesi ya a Cedric, mkulu wa pulojekiti, nawaonetsa matsamba onse.

"Za poizoni muwauze anthuwo," anatero a Cedric. "Koma za golide musatchule, mpaka komiti ya bungwe lathu itavomereza makina ndipo malowo atatchingidwa. Mukudziwa mmene anthu amachitira."

"Wapampando yekha ayenera kudziwa. Laisensi ndi yawo."

"Iyeyo yekha basi. Ndipo mumuuze asunge pakamwa."

Loweruka lotsatira anthu anasonkhana pansi pa mitengo ya mango pabwalo la tchalitchi. Anabwera ambiri kuposa mmene Veronica ankayembekezera, ena nkhope zachilendo. M'mawa wake anali ataonetsa a Dyton mapu aja, nawapempha kawiri kuti zikhale za awiri. A Dyton anadziguguda pachifuwa kuti iwo si mwana.

Atapemphera, Veronica anaimirira.

"Makolo anga, mchenga uja tamaliza kuuyeza. Muli poizoni wa mitundu iwiri. Sapha lero ndi lero ayi. Amalowa m'thupi pang'onopang'ono, ndi fumbi lomwe timapuma, ndi madzi, ndi mwana wonyambita khoma. Pakapita zaka munthu amayamba kunjenjemera manja, khungu kutuluka zilonda, impso kufooka. Ndikupempha kuti tisiye kumangira mchenga umenewu. Amene munamangira kale, pakani laimu kapena penti kuti fumbi lisamatuluke."

Panali kung'ung'udza. Mayi wina anati iwo ankasewera pamulupo ali atsikana, nanga bwanji ali moyo ndi ana asanu ndi awiri? Anthu anaseka. Veronica anayamba kufotokozanso, koma bambo wina wa jekete yachikopa, amene iye sankamudziwa, anaimika dzanja kumbuyo.

"Za poizoni tamva, mayi. Funso langa ndi limodzi. Golide alimo kapena mulibe?"

Veronica anayang'ana nkhope zomwe zinali patsogolo pake: azakhali ake, aphunzitsi ake a Sitandade 4, amalume ake atagwira chibwano. Akanati mulibe, makina akadzabwera akanadzawayang'ana bwanji anthu amenewa?

"Alimo," anatero. "Koma ndi wosalala kwambiri. Ndi beseni simungamugwire, mungotaya..."

Mawu otsalawo anamira m'nthungululu. Anakweza mawu, nabwereza kuti popanda makina golideyo angopita ndi madzi, koma anthu anali atayamba kale kulankhulana okhaokha. Ndiye a Dyton, poona chisangalalocho ndi pofuna kuti anthu adziwe kuti kopaletivi yawo sinagone, anaimirira n'kukweza manja.

"Ndinkakuuzani ine! Ndaona mapu ndi maso angawa. Kum'mawa kuja ndiye kuli wochita kutapa!"

Veronica anakhala pansi. Anangoyang'ana nsapato zake, osafuna kuona munthu.

Patatha masabata awiri a Dyton anaimba foni, mawu awo atasasa.

"Achemwali, bwerani mudzaone nokha. Ine zandikulira."

Ulendo uno, wa kabaza sanachite kufunsa kumene akupita. Anati tsiku limenelo anali atatulako kale anthu asanu. Atafika pamsasa paja Veronica sanazindikire malowo. Mbali ya kum'mawa inali yodzadza anthu ngati msika wa Lachisanu, ochokera ku Balaka, ku Neno, ena olankhula Chipwitikizi cha kutsidya kwa malire. Anali atamanga zisakasa za mapepala apulasitiki. Ena ankakumba, ena ankasenza matumba pamutu ndi panjinga kutsikira nawo ku kamtsinje ka Chikuse, komwe mzere wa anthu unali utawerama m'madzi ndi mabeseni. Amayi ankakazinga zitumbuwa pomwepo, fumbi lotuwa likugwera m'mafuta. Zikhomo zachitsulo zija anali atazizula ndi simenti yake yomwe, n'kumakumbira.

Bambo wa jekete yachikopa uja anali atakhala pampando pansi pa ambulera, kutsogolo kwake kuli kasikelo ndi timabotolo ta mekyule.

Amalume ake anawapeza kumtsinje, buluku atapinda mpaka m'mawondo. Ngolo anali ataisiya. Atamuona anamwetulira, natulutsa m'thumba la malaya kanthu kokulunga m'pepala la ndudu.

"Taona, Nangozo. Iwe unkati beseni silingagwire."

Kanali kampira kotuwa ka golide wosakanikirana ndi mekyule, kochepa kuposa njere ya mapira.

"Masiku angati amenewa, amalume?"

"Asanu ndi limodzi. Koma tikuzolowera."

Anaika kampirako pa supuni yakale, nayamba kukawotcha pa mbaula ya makala kuti mekyule achoke, nkhope ataiweramitsa pafupi kuti aone bwino. Veronica sanaganize n'komwe. Anawakankha paphewa mwamphamvu mpaka anadzandira, supuni ikugwedezeka m'manja.

"Chotsani nkhope pamenepo! Utsi umenewo ndi womwe umapha! Kodi ndinkalankhula ndi miyala tsiku lija?"

Anthu oyandikira anasiya kutsuka n'kutembenuka. A Obed anaika supuniyo pansi mosamala, naimirira. Ankalankhula motsitsa mawu, koma aliyense anamva.

"Mayi ako atamwalira ndinakulera ine. Lero ukundikankha pagulu ngati mbuzi. Sukulu unaphunzira, koma ulemu unausiya kuti?"

"Pepani, amalume. Koma..."

"Iwe umabwera, umakhoma timitengo, umapita. Kumeneko umadya. Ife titsale tikuyang'ana mulu ngati chithunzi? Pita ukatenge makina akowo, tidzasiya."

Anatembenuka n'kubwerera m'madzi. Veronica anakwera pamtunda pomwe netiweki imagwira n'kuimbira a Cedric. Anawafotokozera zonse, nawapempha kuti komiti ikumane msanga, makina abwere ngakhale ochepa, anthu aone kuti si bodza.

"Ndiye mwawauza za golide," anatero a Cedric.

"Anandifunsa pamaso pa anthu."

"Mayi Ngozo, manambala onse a m'pulani yanu afa. Komiti singavomereze makina pa mulu umene sitikudziwa kuti watsala wochuluka bwanji. Muyezenso zinthu zikakhazikika. Komiti ikumananso mu Malichi."

"Malichi? Pofika Malichi kum'mawa kudzakhala kulibe!"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Bwana, nkhono ndi ifeyo! Miyezi isanu ndi umodzi kudikira labotale, tsopano inayi kudikira komiti. Anthu akupuma mekyule pano ndikulankhula nanu!"

A Cedric anati amvetsa kuti watopa, alembe lipoti. Foni inaduka.

Akutsika pamtundapo anapeza mayi wina akumudikira panjira, ndowa ili pambali. Anali a Eliza, amene ankalima tomato ndi mpiru m'dimba kumunsi kwa Chikuse. Veronica ankawadziwa, ankaimba limodzi ndi malemu mayi ake, a Nachisale, m'kwaya ya amayi. Sanapereke moni wautali. Anangopendeketsa ndowayo kuti aone. Madzi ake anali otuwa ngati phala la phulusa.

"Awa ndi amene tikuthirira ndiwo. Awa ndi amene ng'ombe zikumwa. Mpiru wanga wapsa masamba, makasitomala a pa Manjawira ayamba kufunsa ngati ndi wa ku Chikuse. Madimba alipo khumi ndi asanu ndi atatu kumeneko. Anthuwa munawaitana ndinu, mwana wa Nachisale. Tiuzeni chochita."

Veronica anafuna kunena kuti sanaitane munthu, kuti iye anabwera kudzachenjeza. Koma anaona kuti kudziyeretsa sikungayeretse madziwo.

"Amayi, anthuwa sindingawathamangitse. Apolisi anabwera kawiri, akachoka anthu amabwerera. Chimene ndingathe ndi chimodzi. M'pulani yanga muli dziwe losungira matope, kuti madzi akuda asafike kumtsinje. Linayenera kukumbidwa ndi thirakitala."

"Thirakitalayo ili kuti?"

"Ikubwera ndi makina."

"Ndiye kuti kulibe," anatero a Eliza. "Makasu tili nawo. Tiuzeni pokumba."

Sabata imeneyo Veronica sanabwerere ku Lilongwe. Anasankha kachigwa ka pakati pa mulu ndi mtsinje, pomwe panali maziko akale a simenti, nalemba malire ndi phulusa. Dziwe la m'pulani linali lalikulu ngati bwalo la mpira. Ili linali gawo limodzi mwa magawo anayi a limenelo. Eni madimba anabwera ndi makasu ndi mawilibala, a Dyton anabweretsa mamembala khumi ndi awiri amene anali akadawamvera. Khoma lake analiumba ndi dothi, pansi anatsira dongo la pachulu n'kulipondaponda ndi mapazi. Madzi anawakoka kuchokera ku dzenje lakale la mgodi ndi pampu yothiririra ya mwamuna wa a Eliza, imene inkazima kawiri pa ola lililonse.

Kukumba kunali kophweka poyerekeza ndi kukopa anthu kuti achoke mumtsinje. Veronica ankayenda beseni ndi beseni, akunena mawu omwewo mpaka mawu anamuthera: padziwe ndi pafupi, simusenza matumba mtunda wautali, madzi saphwa. Za poizoni anasiya kutchula, chifukwa anaona kuti zikungowaseketsa. Amene anasuntha anasuntha chifukwa cha msana wawo. A Eliza ndi anzawo anachita mbali yawo mwanjira ina. Ankakhala m'mbali mwa mtsinje kuyambira m'mawa, amayi makumi awiri, osatukwana, osamenya, kungoyang'ana munthu aliyense wotsuka n'kumamutchula dzina lake ndi la mayi ake. Eni mudzi manyazi anawagwira. Alendo analibe nazo ntchito, anangosunthira kumtunda pang'ono.

Pofika kumapeto kwa Novembala, mwina theka la anthuwo linkatsukira padziwe. Mekyule sanachoke. Wa jekete yachikopa anangosuntha ambulera yake kuifikitsa pafupi ndi dziwelo.

Chimene chinachotsa anthu si Veronica, si apolisi. Mvula yoyamba inagwa pa 9 Disembala, ndipo m'masiku atatu zisakasa zambiri zinali zitaphwasulidwa, eni ake atathamangira kukadzala. Ambiri anali ataona kale kuti kampira ka sabata yathunthu sikakwana ndi thumba la feteleza lomwe. A Obed nawo anabwerera kumunda. Veronica anakawapepesa kunyumba, atagwada pakhonde monga mwa mwambo. Anamukhululukira ndi pakamwa, koma za laimu anakana, ati khoma lawo silidwala. Akunyumba awo ndi amene analandira mwakachetechete thumba la laimu limene Veronica anabweretsa, n'kudzapaka chipinda cha ana tsiku limene a Obed anapita kumaliro ku Biriwiri.

Mu Januwale Veronica anayeza muluwo kachitatu, m'matope, mvula ikumuvumbwa. Mbali ya kum'mawa inali itatsala gawo limodzi mwa atatu, lokumbikakumbika ngati munda wolowa nguluwe. Anatenganso timatumba, ndipo ulendo uno anatengako ndi matope a m'dziwe lija. Anakwera nato basi iye mwini mpaka kukatipereka pamanja ku labotale, kumene makina anali atakonzedwa. Zotsatira zinatuluka m'masabata atatu. Matope a m'dziwe anali ndi golide pafupifupi wofanana ndi mchenga wosatsuka. Mabeseni aja sanagwire kanthu kwenikweni. Zimene zinatsukidwira padziwe zinali zikadalipo, zodikira makina. Zimene zinatsukidwira mumtsinje zinali zitapita ndi madzi osefukira, golide ndi poizoni limodzi, ndipo panalibe pulani imene ikanazibweza.

Analembanso zonse kuyambira tsamba loyamba. Zaka zisanu zija zinasanduka ziwiri ndi theka. Anachotsa makina aakulu n'kuika aang'ono, anaika dziwe la makasu lija monga poyambira, anawonjezera mpanda, ndi tsamba lonse la madimba a ku Chikuse limene poyamba munalibe. Usiku ndi usana mutu unkamuwawa ndi manambala, ndipo kawiri analemba kalata yosiya ntchito n'kuifufuta.

Komiti inakumana pa 20 Malichi. Veronica anadikira panja pa chipindacho kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. A Cedric anatuluka akumasula tayi.

"Avomera makina aang'ono. Mpanda akana, ati kopaletivi idzionere. Za kuyeza madzi a madimba ati si ntchito yathu, tilembere a zachilengedwe."

"Makinawo afika liti?"

"Ayamba aitanitsa makampani opikisana, asankhe imodzi, ndiye aode makinawo kunja. Mukudziwa mmene zimayendera."

"Ndikudziwa," anatero Veronica.

Atatuluka panja anaimbira a Dyton. Iwo anakuwa ndi chimwemwe mpaka Veronica anachita kuchotsa foni kukhutu, kenaka a Dyton anafunsa funso lomwe iye ankaliyembekezera.

"Ndiye anthu ndiwauze kuti miyezi ingati?"

"Musawauze mwezi uliwonse, bambo Kamwendo. Muwauze kuti avomera, tsiku sindikulidziwa."

"Aaa, achemwali, anthu akakolola mu Meyi abwereranso pamulu paja. Popanda tsiku ndiwagwira ndi chiyani?"

"Simuwagwira. Amene abwere, alembeni mayina, atsukire padziwe, matope asachoke. Ndi zokhazo zimene tingathe."

A Dyton anapumira m'mwamba. Kenaka anati pali wina akufuna kulankhula naye, ndipo pafoni panamveka mawu a a Eliza, opanda moni. Anati mvula ya Lachiwiri inang'amba khoma la dziwe kumbali ya kumtsinje, mng'alu wolowa dzanja, ndipo madzi otuwa ayamba kudontha. Iwo atsekapo ndi matumba a dothi, koma sakudziwa ngati zigwire mvula ina ikabwera.

"Matumba mwaika angati?"

"Asanu ndi atatu."

"Onjezerani ena kunja kwake, ndipo mutsegule ngalande ya kumtunda ija kuti madzi a mvula asalowe m'dziwe. Pampu musayatse. Ndifika mawa ndi minibasi yoyamba."

"Mubwere ndi nsapato zamphira," anatero a Eliza. "Kuno n'kumatope."